Ma carol si nyimbo za pa sipika ayi

Kuno ku Mulanje Mission mvula yatipeza, tili kalikiliki kupalira chimanga, ena ayamba kale kubandira. December wafika, ndipo achinyamata pakamwa pawo ndi "ma carol, ma carol" basi.

Ukawafunsa kuti carol nchiyani, amati ndi nyimbo za chizungu zija zimalira m'masipika pa Chitakale nyengo ya Khirisimasi. Ine pamenepa ndikukana.

Mawuwa anachokera ku chi French chakale. Kumeneko ankatanthauza gule wovina mozungulira, anthu atagwirana manja, mmodzi akutsogolera nyimbo ena akuvomera. Sanali a Khirisimasi yokha, ankaimba ngakhale pa Pasaka ndi pa zisangalalo zina. Kenako pang'onopang'ono dzinali linadzakakamira ku Khirisimasi. Tsono taganizani: anthu ambiri, wotsogolera mmodzi, ena akuvomera, miyendo ikuyenda. Kodi si mmene ife Alhomwe timachitira pa tchopa? Si mmene amayi a Mvano amaimbira popita kukazonda odwala?

Ndiye nyimbo ya Chichewa kapena ya Chilhomwe yonena za kubadwa kwa Ambuye, ya ng'oma ndi nthungululu, ndi carol yeniyeni. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Blantyre mu 1876 anatisiyira nyimbo zabwino, tikuziimbabe m'buku la Nyimbo za Mulungu, sindikuti tizitaye. Koma mwana asamaganize kuti chimwemwe chimakoma pokhapokha chikhale cha chizungu. Ndipo sipika siimba carol. Carol imafuna pakamwa pako ndi mnzako pambali.

Chachiwiri chondiwawa ndi ichi. Makwaya ena akamayenda khomo ndi khomo usiku wa pa 24, amasankha nyumba za malata, kumene akudziwa kuti kutuluka ka K2,000. Kanyumba ka udzu ka agogo amakadutsa ngati mulibe munthu. Komatu uno ndi mwezi wa njala, nkhokwe zinatha kalekale, ena akugonera mango owiritsa. Alipo mabanja omwe chiwapwetekereni namondwe Freddy mu March 2023 sanaimebe bwinobwino. Amenewo ndi amene akufunika nyimbo kuposa mwini golosale. Kumbukirani, angelo sanayambire kwa Herode. Anayambira kwa abusa a nkhosa, anthu ogona kutchire ngati ife alimi.

Choncho achinyamata athu, chaka chino yambirani kwa amasiye ndi okalamba. Pemphani chilolezo mukaimbirenso omwe agonekedwa m'chipatala. Ngati kuli kotheka tengani kambale ka ufa, kaya nandolo pang'ono. Ife akuluakulu tisangokhala pakhonde kumaonerera, tilowe m'bwalo tivomere nawo.

Nanga kwanuko nyimbo zimenezi mumazitchula kuti chiyani, ndipo zimayambira khomo la ndani? Tandiuzani. Khirisimasi yabwino nonse, koma musaiwale kuthira feteleza wachiwiri.