Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: zimene eni Gule Wamkulu angaphunzire ku hula

Akuluakulu akale adasiya mawu akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ngakhale mwambiwu umanenedwa kawirikawiri podzudzula munthu woseka tsoka la mnzake, umaphunzitsanso kuti zimene zidagwera ena ndi chenjezo kwa amene sizidawafikire. Anthu a m'boma la Mchinji, amene amasunga Gule Wamkulu pamodzi ndi abale awo a kuseri kwa malire ku Chipata, Chadiza ndi Katete, ayenera kutchera khutu ku mbiri ya hula, gule wa makolo wa ku zilumba za Hawaii m'nyanja ya Pacific, popeza guleyu adadutsa kale m'njira imene Gule Wamkulu akuyendamo lero. Mbiri ya magule awiriwa imaonetsa kuti chiletso sichipha gule, koma kuti gule amafooka pamene eni ake ayamba kuvinira anthu osadziwa tanthauzo lake mpaka iwo omwe kuiwala chimene amavinira.

Azungu asadafike, anthu a ku Hawaii adalibe zilembo, motero mibadwo ya mafumu awo, maina a mapiri ndi mitsinje, nkhani za milungu yawo ndi mbiri ya nkhondo zinkasungidwa m'ndakatulo zoimba zotchedwa mele, ndipo hula kudali kuonetsa mawu a ndakatulozo ndi manja, mapazi ndi chiuno. Ophunzira ankasonkhana m'nyumba yapadera yotchedwa hālau, pansi pa mphunzitsi wotchedwa kumu hula, ndipo ankasunga malamulo okhwima polemekeza Laka, amene iwo ankamutenga ngati mulungu wa guleyo. Zoimbira zazikulu zidali pahu, ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha shaki, ndi ipu, chikho chachikulu chimene woimba amachimenya ndi dzanja n'kumachigunditsa pansi. Wovina sankaloledwa kusintha mawu kapena kaponyedwe ka dzanja mwa kufuna kwake, chifukwa kutero kukadakhala kupotoza mbiri ya mtundu wonse.

Amishoni a ku America adafika ku Hawaii mu 1820 ndipo adaona hula ngati chikunja ndi chiwerewere. Mfumukazi Kaʻahumanu, imene inkagwirizira ufumu pa nthawiyo, idabatizidwa mu 1825 ndipo mu 1830 idaletsa kuvina hula poyera, koma aphunzitsi a kumidzi adapitiriza kuphunzitsa ana awo mwakabisira. Mfumu David Kalākaua, imene idalamulira kuyambira 1874 mpaka 1891, idabwezera guleyu pabwalo pa mwambo woiveka chisoti chaufumu mu 1883. Ufumuwo udagwetsedwa mu 1893, lamulo la 1896 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu, ndipo mu 1898 dziko la America lidatenga zilumbazo. Chimene chidatsatira chidaononga hula kuposa chiletso chija: mahotela ndi makampani a mafilimu adamusandutsa chokopera alendo, ndipo chionetsero cha Kodak Hula Show, chimene chidayamba ku Waikiki mu 1937, chidakonzedwa kuti alendo azijambula zithunzi. Ovina adachuluka, koma omva mawu a nyimbo zimene ankavinira adanka nachepa.

Gule Wamkulu naye si masewera a madzulo. Ndi gule wa Nyau, bungwe la amuna olowa kudambwe, malo obisika pafupi ndi manda kumene zilombo zimachokera, ndipo mudzi umavina guleyu ngati mfumu yake ili ndi mzinda, umene ndi ufulu wochititsa chinamwali ndi gule umene mfumu imalandira kwa mfumu yaikulu. Nthawi zake zenizeni ndi maliro, mpalo wokumbukira malemu, chinamwali cha atsikana ndi kulonga ufumu, makamaka m'miyezi ya chilimwe anthu atakolola. Pabwalo, oimba ng'oma amayamba awamba zikopa pamoto wa udzu kufikira mbalule, ng'oma yotsogolera mapazi a chilombo, italira bwino pamodzi ndi mpanje ndi mbandambanda. Amayi amaima mbali imodzi kuomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, pamene tsabwalo, woyang'anira bwalo, akubweza ana m'mbuyo. Kasiyamaliro, chilombo cholukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga m'maonekedwe a nyama ya m'tchire, ndiye amaperekeza mzimu wa malemu, ndipo Chadzunda, nkhalamba yotsimphina imene imadzuka ndi mphamvu ng'oma ikakolera, amaimira kholo la zilombo zonse. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, ndipo m'nyimbomo ndimo muli mwambo, kutanthauza malangizo a makolo okhudza ulemu, banja, ulesi, umbombo ndi imfa.

M'dera la Mchinji guleyu adapirira zambiri. Angoni a Mpezeni, amene makolo awo adaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, atakhazikika m'dera la malire ano adapondereza midzi ya Achewa ndipo Nyau idafooka m'midzi imene inkalamulidwa ndi iwo. Asilikali a Britain atagonjetsa Mpezeni mu 1898, dera lidadulidwa pakati, mbali ina n'kumayang'ana ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ina ku Fort Manning, dzina lakale la boma la Mchinji. Ansembe a White Fathers adatsekula mishoni ya Kachebere mu 1903, amishoni a Dutch Reformed Church adafalikira m'chigawo chapakati kuchokera ku Mvera ndi ku Nkhoma, ndipo mipingo yonse iwiri idauza otembenuka mtima kuti asankhepo chimodzi, tchalitchi kapena dambwe. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden, amene adafufuza mkangano umenewu, adaonetsa kuti Nyau idali njira imene mafumu a m'midzi ankatetezera ulamuliro wawo pa ana amene sukulu za mishoni zinkawakoka. Yankho la gule silidali mikondo ayi, koma zilombo zatsopano: Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, amene dzina lake lidachokera ku chiphunzitso cha tchalitchi. Gule woletsedwa adameza omuletsawo n'kuwavina pabwalo.

Ufulu utabwera mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda adakweza magule a makolo ndipo Gule Wamkulu adayamba kuoneka masana pa misonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za boma. Ku Zambia, mwambo wa Kulamba, umene atsamunda adauletsa mu 1934, udayambiranso mu 1984, ndipo kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri a ku Malawi akudzera pa chipata cha Mwami. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu padziko lonse, ndipo mu 2008 lidamulemba m'kaundula wake m'dzina la maiko atatuwa. Ngakhale mu mpingo wa Katolika maganizo adasintha, moti Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, adasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana ndi kulemba matanthauzo a nyimbo zake.

Ulemu wonsewu ndi wabwino, koma pali mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero zilombo zimaitanidwa ku misonkhano ya ndale, ku maukwati, ku zochitika za mabungwe ndi ku malo a alendo, kumene zimapatsidwa mphindi zochepa, mlendo wolemekezeka n'kufupa, pulogalamu n'kupitirira wina osafunsa chimene nyimboyo imanena. M'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kudzera pa Kamwendo kupita ku malire, sichachilendo kuona chilombo chikuyenda chokha popanda ng'oma, popanda mkulu wochiperekeza, chikutambasulira dzanja oyenda pa galimoto. Kufupa, kumene kudali kuthokoza chilombo chovina bwino pa mwambo, kwasanduka cholinga cha ulendo wonse. Mafoni nawo afika pamene maso a munthu wosalowa sankafika, ndipo zithunzi zimene zikadayenera kutsala kudambwe zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Iyi ndi nthawi yofanana ndi imene hula adali nayo ku Waikiki, pamene gule amaoneka paliponse koma mwambo wake ukutha mwakachetechete.

Ena amayankha kuti tsobola wakale sawawa, kuti nthawi zasintha, ndiponso kuti mnyamata amene fodya ndi mtedza sizidamupindulire chaka chino salakwa kupezako kangachepe ku luso lake. Mfundoyi siyenera kutayidwa msanga, chifukwa Gule Wamkulu wakhala akusintha kuyambira kale, ndipo zilombo monga Galimoto zimachitira umboni kuti amatenga za masiku ake n'kuzipatsa phunziro. Ndi zoonanso kuti si zonse zochitika m'dzina la gule zimene ziyenera kutetezedwa: kumenya odutsa, kulowetsa munthu kudambwe mokakamiza ndi kuchotsa anyamata m'kalasi pakati pa teremu ndi zolakwa zimene malamulo a dziko amaletsa ndipo mafumu ambiri amazidzudzula. Komabe kusintha kochokera m'kati, kumene eni mzinda amakuvomereza chifukwa kukuonjezera phunziro, n'kosiyana ndi kusintha kolamulidwa ndi wolipira. Gule wofuna kukondweretsa wandale, mlendo ndi mizimu ya makolo pa nthawi imodzi akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Njira imene anthu a ku Hawaii adatulukira m'vuto lawo ndi yofunika kuiona bwino. Chikondwerero cha Merrie Monarch, chimene chidachitika koyamba ku Hilo mu 1964 pokumbukira Kalākaua, chidasanduka mpikisano wa hula mu 1971 pansi pa utsogoleri wa Dottie Thompson ndi George Naʻope, ndipo chimasiyanitsa hula kahiko, gule wakale wovinidwa ndi ndakatulo ndi zoimbira za makolo, ndi hula ʻauana, gule wamakono wovinidwa ndi gitala ndi ukulele. Oweruza ndi akatswiri a guleyo ndi a chiyankhulo, osati alendo, ndipo munthu amalemekezedwa ngati kumu hula weniweni akadutsa mwambo womaliza maphunziro wotchedwa ʻūniki pansi pa mphunzitsi wodziwika. Akuluakulu monga Mary Kawena Pukui ndi Edith Kanakaʻole adasunga ndi kuphunzitsa ndakatulo zakale, chiyankhulo cha Chihawaii chidavomerezedwa kukhala cha boma mu 1978, ndipo mu 1984 sukulu za mkaka za Pūnana Leo zidayamba kuphunzitsa ana m'chiyankhulocho. Hula wa alendo sadathe, koma adaikidwa pa malo ake, ndipo ulamuliro wa guleyo udabwerera kwa aphunzitsi.

Sikuti Mchinji iyenera kutengera zonsezi, pakuti gule wa maliro sangaikidwe pa mpikisano wopatsana malikisi, ndipo chinsinsi cha dambwe si chinthu cholembedwa m'mabuku a sukulu. Chimene chingatengedwe ndi mfundo yosiyanitsa. Eni mizinda angagwirizane za zilombo zimene zingapite ku zionetsero ndi zimene sizichoka pa mwambo, angalamule kuti chilombo chisatuluke popanda chilolezo cha mwini mzinda ndi mkulu wochiperekeza, ndiponso kuti pa chionetsero chilichonse pakhale munthu wofotokozera anthu phunziro la nyimbo imene ikuimbidwa. Nyimbo za pabwalo si chinsinsi, popeza amayi ndi ana amaziimba poyera, choncho palibe choletsa kuzijambula ndi kuzilemba pamodzi ndi matanthauzo ake anamkungwi ndi akuluakulu odziwa adakali moyo. Ntchitoyi ndi yofulumira chifukwa, ngakhale Chichewa chikuyankhulidwa ndi anthu mamiliyoni, Chichewa chakuya cha zining'a ndi mikuluwiko chimene nyimbo za gule zimagwiritsa ntchito chikucheperachepera pakati pa achinyamata, makamaka pamene lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira.

Mchinji ili ndi udindo wapadera pa nkhaniyi chifukwa cha malo amene ili. Malamulo a mafumu a mbali imodzi amathera pa malire, pamene mabanja, maliro ndi magulu a gule amaoloka tsiku ndi tsiku, motero chimene chaletsedwa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere chingathe kuchitika momasuka m'mudzi wotsatira wa ku Zambia. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mgwirizano wolimba ungapangidwe pokhapokha mafumu a mbali zonse, bungwe la Chewa Heritage Foundation ndi likulu la Kalonga Gawa Undi atakhalira pamodzi, mafumu a Angoni monga Zulu ndi Mlonyeni, amene m'madera awo mukhalanso Achewa ambiri, osasiyidwa kunja. Andale ndi mabungwe oitana gule nawo aphunzire kupempha kudzera kwa mwini mzinda ndi kulandira yankho lakuti ayi pamene chilombo chimene akufuna si cha pa msonkhano. Satifiketi ya UNESCO siyingasunge Gule Wamkulu. Amene angamusunge ndi mafumu, anamkungwi ndi makolo a m'midzi, ndipo ayenera kuyamba ntchitoyi chilimwe chino, akuluakulu odziwa nyimbo asadathe.