Nyuzi Nazo Zimalakwa

Anzanga, ambiri a ife timakhulupirira chilichonse cholembedwa m'nyuzi, ngati kuti mkonzi salakwa. Ine ndikukana, ndipo chifukwa changa nachi.

M'mwezi wa Seputembala 1938 nduna yaikulu ya ku Mangalande, a Chamberlain, anapita ku Munich nalola Hitler kutenga chigawo cha Sudetenland m'dziko la Czechoslovakia, poganiza kuti potero nkhondo ipewedwa. Nyuzi yotchuka ya The Times inawayamikira. A Churchill anachenjeza m'Nyumba ya Malamulo kuti dziko lao lagonja lisanamenye nkhondo, koma owamvera anali ochepa. Mu Malichi 1939 Hitler analanda mzinda wa Prague, ndipo mu Seputembala nkhondo inabuka. Inakula kufikira asilikali a kwathu kuno a K.A.R. anakafera kutali ku Burma.

Nkhondo ndimadana nayo. Komabe ndikhulupirira kuti dziko lofuna mtendere liyenera kukhala lamphamvu, pakuti fisi ukampatsa mbuzi imodzi, mawa adzabweranso kukhola. Mau a akulu akoma akagonera. Tsono powerenga nyuzi tizifunsa kuti: walemba ndani, ndipo ali mbali iti?