Chilumba cha Likoma si cha azungu okha

Mwana wa ku Ludzi amaphunzira m'kalasi kuti Malawi ali ndi nyanja yaikulu komanso zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Amajambula mapu n'kukhoza mayeso, koma amakula mpaka kumera imvi osapondako mchenga wa kunyanjako. Anthu ambiri m'boma la Mchinji amaudziwa bwino mzinda wa Chipata ku Zambia kusiyana ndi nyanja ya dziko lawo lomwe.

Vuto lina ndi ndalama, izo n'zoona. Koma lina ndi maganizo akuti kukapuma pachilumba ndi za azungu ndi mabwana a m'tauni. Maganizo otere ngofunika kuwataya, chifukwa banja lomwe lagulitsa bwino mtedza, soya kapena fodya likhoza kukafika ku Likoma, bola kukonzekera.

Zoona zilipo. Likoma ndi chilumba chaching'ono cha miyala, mchenga ndi mitengo ya malambe, ndipo pakalembera wa 2018 boma lonselo lidali ndi anthu osakwana 15,000. Amishoni a UMCA adakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican adayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, ndipo mpaka lero ndi chimodzi mwa zomanga zogometsa m'dziko muno. Mwana woleredwa pamishoni ya Ludzi angaphunzirepo zambiri, kuphatikizapo gule wa malipenga ndi nsomba zokongola za mbuna zomwe zimaonekera m'madzi oyera.

Ulendo wake ngwautali. Kuchoka ku Ludzi munthu amayamba wafika ku Lilongwe, kenaka n'kulowera ku Nkhata Bay, komwe kuli doko lodalirika lopitira kuchilumbachi, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 pamadzi. Sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ndi yokalamba ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Safunsa adadya phula: mpofunika kufunsiratu kudoko za tsiku lonyamuka ndi lobwerera banja lisadachoke pakhomo, komanso kusunga ndalama ya masiku awiri kapena atatu oonjezera. Ndalama ina ikhale m'thumba, pakuti netiweki ikavuta ya mufoni sigula nsima.

Nkhani yaikulu ndi ya moyo. Miyezi yomwe mlimi amakhala ndi ndalama, kuyambira May mpaka August, ndi yomwenso mphepo ya mwera imawinduka panyanja. Anthu a ku Mchinji sadaiwale ngozi ya mu April 2023, pomwe bwato lonyamula anthu opita kumaliro lidagubuduzika pamtsinje wa Rusa ndipo miyoyo idatayika. Ngati mtsinje udachita zotere, nanji nyanja? Bwato lodzadza mopitirira muyeso, lopanda majekete odzitetezera pamadzi, kapena lonyamuka kunja kukuda, si loti kholo likwezemo ana, ngakhale mtengo wake utsike chotani. Kudikira tsiku limodzi padoko sikudaphepo munthu.

Kunena za chakudya, katundu wambiri pachilumbachi amachita kubwera pamadzi, choncho mitengo m'magolosale imakhala yokwererapo. Apa banja la ku Ludzi lili ndi mwayi, chifukwa ufa, nyemba ndi nsinjiro lili nazo kale m'nyumba. Kutengako pang'ono kumapulumutsa ndalama, ndipo kathumba ka mtedza ndi mphatso yabwino kwa wolandira alendo.

Koma kupita ku Likoma n'kumakadya za kumudzi zokhazokha n'kutaya ulendo. Kumeneko kuli nsima ya kondowole, yochokera ku ufa wa chinangwa, yomwe imayenda bwino ndi usipa wauwisi, utaka, mcheni kapena kampango wotuluka kumene m'madzi. Wozolowera usipa wouma wa pamsika wa Kamwendo adzadabwa kuti nsomba yomweyo imakoma mwina ikakhala ya tsiku lomwelo. Malo ogona alendo akunja amalipiritsa ndalama zambiri, koma kulinso malesitilanti ang'onoang'ono ndi amayi ophika pamsika. Ndalama yogulira mbale ya nsima kwa amayiwa imatsala pachilumba pomwepo n'kuphunzitsa mwana wa msodzi. Pogula nsomba, wapaulendo akane zing'onozing'ono zosakhwima, chifukwa kugula zoterezi n'kuthandiza kuononga nyanja.

Ukhondo usaiwalike. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adakhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, si akumwa osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Chakudya chidyedwe chikadali chotentha. Neti yoteteza ku udzudzu ikhale m'chikwama. Malo osambira afunsidwe kwa eni dera, ndipo ana asalowe m'madzi popanda wamkulu. Likodzo limabisala m'madzi odekha a m'mabango momwe muli nkhono, kotero amene wasambira m'nyanja achite bwino kukaonana ndi achipatala pakatha milungu ingapo atabwerera kumudzi.

Mapiri ooneka kum'mawa kwa Likoma ndi a dziko la Mozambique, ndipo kuolokera ku Cobue n'kutuluka m'dziko. Anthu a m'malire ngati a ku Mchinji akudziwa kale kuti kutero kumafuna zikalata zoyendera. Mlendo akumbukirenso ulemu: kupempha asadajambule munthu, kuvala moyenera polowa m'tchalitchi, ndi kusataya mapulasitiki pagombe. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kwa banja limodzi mtolowu ukhoza kulemera, koma sukulu, makwaya ndi mabanki a m'mudzi akhoza kusonkherana kwa chaka chathunthu n'kupita pagulu. Nalo boma, lomwe limakamba kawirikawiri zokweza ntchito zokopa alendo, lionetsetse kuti panyanja pali sitima zodalirika ndi mitengo yoti Mmalawi wamba angakwanitse. Mlendo wochokera ku London amabwera kamodzi n'kupita, koma wa ku Ludzi akasangalala amabweranso ndi anansi ake chaka chamawa.