Muyeso Ukhale Umodzi ku Mtendere ndi ku Katete

Mu caka ca 2025, masukulu a m'Zambia anayamba kutsata ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene Unduna wa Maphunziro unakonza mu 2023. Inayambira pa ana aang'ono osafika Giredi 1, pa Giredi 1 ndi pa Fomu 1. Mwa ndondomeko imeneyi pulaimale idzathera pa Giredi 6, sekondale idzayenda kucokera Fomu 1 kufika Fomu 4, ndipo ofuna kupitirira adzalowa Fomu 5 ndi Fomu 6. Mayeso a Giredi 9 alibemo malo. Ana amene analowa Fomu 1 mu 2025 adzafika pa mayeso a Fomu 4 mu 2028.

Colinga ca kusinthaku ndi cakuti mwana adziwe kucita nchito ndi manja ndi nzeru zace, osati kuloweza mau cabe. Colingaci si cacilendo. Cikalata ca kukonzanso maphunziro ca mu 1977 cinanena zakuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono caka conse, ndipo ndondomeko ya mu 2013 inatsegula njira ya nchito zamanja pambali pa njira ya mabuku. Koma mphunzitsi aphunzitsa cimene adziwa kuti cidzabwera pa mayeso. Mayeso akapitiriza kufunsa zoloweza, silabasi yatsopano idzakhala m'kabati ndipo m'kalasi mudzakhala zakale zomwe zija.

Cifukwa cace nchito imene mwana acita pa sukulu pace, yocongedwa ndi mphunzitsi wace, ipatsidwa gawo pa malikisi otsiriza. Zimenezi ndi zabwino, koma zili ndi vuto lace. Wogula cimanga pa msika wa Mtendere afuna kuti meda ikhale yolingana ndi meda ya ku Katete. Ngati wina ayesa modzaza ndipo wina mosadzaza, msika utaya ulemu. Setifiketi nayonso ili motero. Ngati malikisi a mphunzitsi wina ali opepuka ndipo a wina olemera, wolemba anthu nchito sadzaikhulupirira, ndipo wovutika adzakhala mwana wa mlimi ndi mwana wa m'komboni.

Komboni ya Mtendere, kum'mawa kwa Lusaka, ionetsa bwino kukula kwa vutoli. Kuyambira pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, ana anadzaza m'makalasi, ndipo ngakhale aphunzitsi 30,496 analembedwa nchito caka comweco, mphunzitsi wa m'komboni akali ndi khamu patsogolo pace. Pafupi pomwepo pali Kabulonga, kumene ana ambiri aphunzira ali ndi mabuku ndi makompyuta. Kutali ku midzi ya Chadiza ndi Lundazi kuli masukulu opanda magetsi. Ana onsewa adzalandira setifiketi ya dzina limodzi.

Amene angathe kulinganiza muyeso umenewu ndi aphunzitsi eni ace, ndipo njira ali nayo kale. Mu 2005, ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, aphunzitsi a sayansi m'Cigawo ca Pakati anayamba kufufuza kaphunzitsidwe kao. Akonza phunziro pamodzi, mmodzi aphunzitsa anzace alikupenyerera, akambirana pamene ana anasokonezeka, akonzanso, ndi kuphunzitsanso. Njirayi inafalikira ku zigawo zina. Tsopano iyenera kulowa m'nkhani ya mayeso. Aphunzitsi a masukulu oyandikana atenge nchito za ana, abise maina, aconge yense payekha, ndipo pambuyo pace alinganize malikisi ao. Pamene asiyana, afunsane cifukwa cace ndi kucilemba. Alembenso nthawi imene itha pocongera kalasi lodzaza, nchito zimene sizitheka popanda zipangizo, ndiponso ngati mwana walephera cifukwa cosadziwa nchitoyo kapena cifukwa cosamva Cingelezi ca funsolo. Kufufuza kotere sikufuna ndalama zambiri. Kufuna nthawi, kabuku ndi mtima woona.

Koma zolembedwazo zikathera m'ofesi ya mphunzitsi wamkulu, nchito yonse yapita pacabe. Bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, liyenera kutsegula khomo lolandirira zimene aphunzitsi apeza, ndi kuyankha poyera. Bungwe la Zambia Qualifications Authority, losunga mndandanda wa masetifiketi a dziko lino, ndi la TEVETA, loyang'anira maphunziro a nchito zamanja, afotokozere anthu msanga kumene setifiketi ya Fomu 4 idzafikitsa mwana, ndi mmene idzaimira pambali pa ya Giredi 12 imene akulu ace ali nayo.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Mwana wojomba kuti akapalire kumunda kapena akagulitse pa msika angataye malikisi amene sadzabwerera. Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi afunse mmene ana ao ayesedwera, ndipo asayese kupempha malikisi ndi nkhuku kapena ndalama. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Muyeso ukonzedwe tsopano, ana oyamba asanafike pa mayeso a 2028.