Kusokeretsa popanda kunama

Sabata yatha ndinalakwira munthu wamkulu, ndipo chifukwa chake mwina museka: masewera a crossword. Awa ndi aja odzaza mawu m'timabokosi ta m'nyuzipepala, ena chopingasa ena chotsika. Mtundu umene ine ndimakonda ndi wovuta uja wa ku Britain, umene funso lililonse limakhala ngati ndagi. Ukaliwerenga koyamba limakutengera kutchire, koma yankho lili momwemo, likukuyang'ana.

Crossword yoyamba inatuluka mu 1913 m'nyuzipepala ya New York World, yolembedwa ndi Arthur Wynne. Mafunso ake anali olunjika. Angelezi ndiwo anawonjezera kuchenjera. Edward Powys Mathers, amene ankadzitcha Torquemada, anayamba kuzunza owerenga The Observer mu 1926, ndipo The Times inayamba crossword yake mu 1930. Wolowa m'malo mwa Torquemada, mphunzitsi Derrick Macnutt wodziwika kuti Ximenes, ndiye anakhazikitsa malamulo m'buku lake la mu 1966. Mutu wa malamulowo ndi chilungamo: funso likhale ndi tanthauzo la yankho, likhalenso ndi njira yachiwiri yolipezera, ndipo liwu lililonse ligwire ntchito.

Ine anandiphunzitsa ndi aphunzitsi anga a Chingelezi ku sekondale, pogwiritsa ntchito nyuzipepala zakale za ku London. Lero anapuma pantchito ndipo maso akuvuta, moti zilembo zing'onozing'ono sathanso kuwerenga. Ndiye ndinayamba kuwalembera mafunso anga m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumawapititsira Loweruka lililonse.

Ena amati Chichewa sichingathe zimenezi. Tayesani ili: "Umadulidwa kunkhalango, umakwera pamsika (6)". Nambalayo ikukuuzani kuchuluka kwa zilembo. Yankho ndi MTENGO. Pakamwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma papepala ndi mapasa. Nalinso lina: "Chotentha chabisala pakhomo tonse tikuona (4)". Musapite kukasuzumira kukhomo. Tengani zilembo ziwiri zomaliza za "pakhomo" ndi ziwiri zoyamba za "tonse", mupeza MOTO. Liwu loti "chabisala" linakuuzani kale zoona, inu ndinu munaliwerenga mothamanga.

Tsono tchimo langa ndi ili. Ndinatulukira kuti zilembo za LAMBA ukazisakaniza zimapanga MBALA, wakuba uja. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Funso loyenera likanakhala lakuti "Lamba wopotoka, wakuba (5)", chifukwa zilembo zonse zili poyera ndipo "wopotoka" akukuuza kuti uzisinthe malo. Koma ndinafuna kuwagonjetsa aphunzitsi. Ndinalemba kuti "Chovala chopotoka, wakuba (5)". Apa munthu ayenera kuyamba walota kuti mwa zovala zonse za padziko, malaya, nsapato, chipewa, ine ndimaganiza za lamba, kenako asakanize zilembo zimene sanazione n'komwe. Otsatira Ximenes amaletsa zimenezi, ndipo ine ndinkadziwa.

Nditapitako Loweruka lotsatira ndinawapeza ali khuma pakhonde, pepala lili pamwendo. Mabokosi onse anali odzaza kupatula asanu aja. Amayi a pakhomopo anandinong'oneza kuti bambo akhala masiku atatu osadya bwino.

"Mwana wanga," anatero, "mawu oti mbala ndinawaganiza tsiku loyamba lomwe, koma sindinawone kuti akuchokera pati. Ndiye ndinati basi, maso apita, tsopano mutu nawo wayamba kutsatira."

Manyazi anandigwira. Ndinawafotokozera za lamba uja. Anakhala chete, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti wolephera si ine? Iwe, pochita ndagi kwathu, munthu akagonja ankapereka mudzi, ndipo ukamuuza yankho ankawomba m'manja kuti n'zoonadi. Akapanda kuwomba m'manja, wolakwa ndi wofunsa."

Mawu amenewo ndi lamulo lonse la masewerawa. Wolemba funso ali ngati mlenje wotchera msampha umene akufuna kuti nyama iwonjoke. Akasokeretsa munthu, munthuyo akapeza yankho amadzimenya pachipumi n'kuseka. Akamunamiza, munthuyo amayamba kudzikayikira, ndipo kwa nkhalamba imene ikuopa kale kuti nzeru zikutha, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Ku Britain kunali wansembe wina, John Graham, amene kwa zaka zoposa 50 ankalemba crossword m'nyuzipepala ya The Guardian pa dzina loti Araucaria. Iye sankatsata malamulo onse a Ximenes, koma owerenga ankamukhulupirira. Mu Januwale 2013 nyuzipepalayo inasindikiza crossword yake imene mayankho ake ankawulula kuti ali ndi khansa ya kummero. Anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 92. Nkhani yolemera chonchi anaipereka kudzera m'masewera chifukwa ankadziwa kuti amene akhala akulimbana naye zaka zonsezo aimvetsa, ndipo anaimvetsadi. Chikhulupiriro chotere sichingamere pamene wofunsa amabera.

Aphunzitsi anandipatsa chilango: ndiwalembere mafunso 10 atsopano, onse achilungamo, ndipo ndikabwera ndibwere ndi shuga. Naini ndamaliza. Lakhumi ndikugawirani inu, ndipo ndikulonjeza kuti mulibe chinyengo: "Mnzako wobadwa naye, timadyeramo nsima (5)". Yankho sabata ya mawa. Amene mwagonja, konzani mudzi.