Za Pakhomo Pathu: Mphatso Zochokera m'Manja Mwathu

 Ulendo uno tafuna kuti tikambirane nkhani imene imaoneka yaing'ono koma imasowetsa tulo makolo ambiri chaka chikamapita kumapeto, ndiyo nkhani ya mphatso za ana ndi zokongoletsa za pa Khirisimasi.

Aliyense amene adayendapo pa msika wa pa Ulongwe kapena mu mzinda wa Tete m'mwezi wa Disembala akudziwa m'mene zimakhalira. Ogulitsa amayala timagalimoto tapulasitiki, zidole, mabaluni ndi timagetsi tothwanima, ndipo mwana akaziona amakakamira chitenje cha mayi ake osafuna kusuntha. Mtima wa kholo suchedwa kufewa. Ambiri a ife tidatapapo chimanga m'nkhokwe, ena mpaka kutenga katapila, pofuna kuti mwana asabwerere kunyumba akulira. Komatu Khirisimasi kwathu kuno imafika pa nyengo yothina. Chimanga m'munda chikudikira feteleza wobereketsa, nkhokwe yayamba kutsika, miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale ili pakhomo, ndipo sukulu zikatsegulidwa ana adzafuna makope, zolembera ndi yunifolomu. Kagalimoto kaja kamathyoka chaka chatsopano chisanafike, pamene ngongole imatiperekeza mpaka nthawi yokolola.

Sitikunena kuti ana asasangalale, ayi. Tsiku la 25 Disembala, limene boma la dziko lathu limalitcha Tsiku la Banja, liyenera kukhala lachimwemwe m'nyumba iliyonse, ya opeza bwino ndi ya osowa yomwe. Chimene tikunena ndi chakuti chimwemwe cha mwana sichifuna ngongole, pakuti zambiri zomusangalatsa zili kale pakhomo pathu ndipo zikungodikira manja. Pa 1 Samueli 2:19 timawerenga za Hana, amene chaka ndi chaka ankasokera mwana wake Samueli kamwinjiro ndi kumutengera ku Silo. Tangoganizani: mayiyu ankasoka akuyerekeza mumtima kuti mwana amene sakumuona wakula motani chaka chimenecho. Mphatso yotere imanyamula nthawi ndi maganizo a woipanga, zinthu zimene sitingazipeze pa msika.

Tiyeni tsono tione zimene tingapange.

Zidole za makoko a chimanga

Pamene tikusenda chimanga cha m'nkhokwe, tisataye makoko onse. Tisankhe oyera ndi aatali, tiwaviike m'madzi ofunda kwa mphindi ngati 10 kuti afewe. Titenge makoko 6, tiwamange pamodzi kunsonga ndi ulusi kapena luzi, kenaka tiwatembenuze kuti mfundo ija ibisike mkati. Tikamanganso pang'ono m'munsi mwa mfundoyo, mutu wapangika. Khoko lina tilipinde ngati ndudu, tilimange mbali zonse ziwiri, ndipo tilipise pakati pa makoko aja kuti likhale mikono. Timange m'chiuno, ndipo zotsala m'munsimo zikhala diresi; tikafuna chidole chachimuna tizigawe pawiri kuti zikhale miyendo. Ndevu za chimanga zimakhala tsitsi, kachidutswa ka chitenje kamakhala duku kapena mbereko. Chidolecho chiume pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa nyengo ya mvula makoko onyowa sachedwa kuchita nkhungu.

Zokongoletsa nyumba ndi tchalitchi

Guluu wogula sitimufuna. Tisungunule masupuni 2 a ufa wa chinangwa kapena wa tirigu m'kapu imodzi ya madzi ozizira, titereke pamoto wochepa tikutakasa mpaka lilimbe ngati phala la mwana, ndipo tithiremo mchere pang'ono. Likazizira limamata mapepala bwino lomwe. Tiphike lokwanira tsiku limenelo, popeza likagona masiku angapo limasasa.

Mapepala tili nawo: makalendala akale, makope odzaza amene ana adathana nawo, mapepala okulungira katundu. Tiwadule timizere ta masentimita 2 m'lifupi ndi 15 m'litali. Kamzere koyamba tikamate ngati mphete, kachiwiri tikapise m'koyambako tisanakamate, ndipo potero unyolo umanka nutalika mpaka kukwana khoma lonse. Iyi ndi ntchito imene ngakhale mwana wa zaka 5 amaitha ndi kuinyadira.

Abale a ku Tsangano, kumene amalima tirigu, ali ndi mwayi wa mapesi ake, amene amapanga nyenyezi zokongola kwambiri. Ena tonse tingagwiritse ntchito udzu wofolerera kapena timizere ta nsungwi. Tidule tizidutswa 4 tofanana, titipingase pakati, ndipo tilukepo ulusi pamwamba ndi pansi mozungulira kufikira nyenyezi ya nsonga 8 italimba. Zitsononkho za chimanga, nthanga za maungu ndi njere za m'tchire zikabooledwa ndi kutungidwa pa ulusi zimakhala mikanda yopachika pazenera. Nayonso mitundu ili pafupi: chikasu chimapereka mtundu wachikasu, makoko a anyezi owiritsa amapereka wofiirira, makala amapereka wakuda, dothi la katondo limapereka wofiira, ndipo masamba osinja amapereka wobiriwira.

Za dongo ndi za waya

Ndani mwa abambo amene adakulira ku ubusa kuno ku Angonia amene sadaumbepo ng'ombe yadongo? Luso limenelo lisathere mwa ife. Dongo la kudambo tilichotse timiyala, tilisakanize ndi mchenga wosalala pang'ono kapena mapale osinja kuti lisang'ambike, ndipo tiumbe ng'ombe, nkhosa, nkhuku, timiphika ndi timitondo tamasanje. Ziume pang'onopang'ono m'nyumba kwa sabata yathunthu kapena kupitirira, chifukwa dzuwa lamphamvu limazing'amba, ndiponso choumba chosauma bwino chimaphulika pamoto. Zikauma tizikwirire m'makala a moto wamadzulo ndi kuzitulutsa m'mawa zitazizira.

Galimoto yawaya nayonso siidatsike mtengo m'maso mwa anyamata. Mateyala ake ndi zitini za polishi wa nsapato kapena mapatapata akutha odulidwa mozungulira, zomangira zake ndi timizere ta chubu chakale cha njinga, chiwongolero chake ndi waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake. Bambo akakhala pansi ndi mwana wake madzulo awiri kapena atatu akupinda waya, mwanayo walandira mphatso ziwiri, galimoto ndi bambo ake. Koma tichenjezane: waya achokere ku zinthu zakutha za pakhomo pathu kapena zimene tapempha. Waya wa mpanda wa mnzathu ndi wa mnzathu, ndipo waya wa magetsi ndi imfa.

Tizidutswa ta nsalu

Telala aliyense amakhala ndi thumba la tizidutswa ta chitenje, chimene ena timachitcha kapulana. Ambiri amatipereka mwaulere kapena pa mtengo wochepa ngati tawapempha msanga, Disembala asanawapanikize ndi ntchito. Tizidutswa timeneti tikatilumikiza timatulutsa chikwama cha makope, ndipo mwana amene walandira chikwama pa Khirisimasi wapezeratu chonyamulira sukulu ikamatsegulidwa. Timatulutsanso chikuto cha Baibulo kapena cha buku la nyimbo, malamba omangira tsitsi la atsikana, mpira wofewa wa ana aang'ono, ndi chidole chansalu chopakira thonje kapena nsanza zochapa bwino. Tizidutswa tating'onoting'ono tikatipisa m'mabowo a thumba lochapa ndi kumanga mfundo timasanduka chopondera cha pakhomo chooneka ngati maluwa. Amayi a chigwirizano amadziwa kale ntchito zimenezi. Chimene chatsala ndi kuitana atsikana kuti akhale pambali pawo.

Zoimbira za ana

Kwaya ya ana imakoma ndi maseche. Zitsekerero za mabotolo tiziphwanthe ndi hamala, tizibowole pakati ndi msomali, ndipo tizikhomere momasuka pa kamtengo, zitatu kapena zinayi pa msomali umodzi, kuti zizigundana. Abale a kuchigwa cha Zambezi ali ndi zigoba za malambe, zimene zikachotsedwa zamkati, kuthiridwa njere ndi kutsekedwa, zimalira bwino. Chitini chakale chokutidwa ndi chikopa kapena chubu ndi ng'oma yokwanira mwana.

Mphatso za akuluakulu

Tisaiwale agogo, amayi amasiye, odwala ndi aphunzitsi a Sande sukulu. Mthiko wosema bwino, chipande, tsache, lichero la nsungwi kapena mkeka wa mlaza ndi mphatso zimene zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo wolandira amakumbukira wopereka nthawi iliyonse akamavundula nsima. Mphatso ina yoyenera nyengo ino ndi mbande ya mtengo wazipatso yofesedwa m'jumbo ya shuga yobowola pansi. Mvula ya Disembala ndiyo yabwino kubzalira mitengo. Papaya, m'madera ofunda, amayamba kubala pakatha pafupifupi chaka chimodzi. Mango ndi mapeyala amatenga zaka zingapo, koma adzadyetsa ndi adzukulu omwe. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Phwando la ana

Chaka china, pa Sande sukulu ina imene tinkathandizako, tidasonkha ndalama ndi kugula maswiti ndi mabaluni molingana ndi maina a m'kaundula. Tsiku la phwando kudabwera ana ochuluka kuposa amene tidawerenga, pakuti aliyense adadza ndi mng'ono wake ndi mnzake wa m'mudzi. Zinthu zidatha mzere usanathe, ndipo amene adatsala adali ana omwe aja amene kwawonso kudalibe kanthu. Nkhope zawo sitidaziiwale. Kuyambira pamenepo tidaphunzira kuti cha pa msika chimatha pamene ndalama yathera, koma cha manja chimachuluka malinga ndi kuchuluka kwa manjawo.

Choncho pokonza phwando tipange mphatso zoposa chiwerengero cha ana amene tikuwadziwa, ndipo zikhale zofanana, kuti pasaoneke mwana wa mkulu wa mpingo ndi mwana wamasiye. Pepala lopindidwa ngati fanulo limanyamula mtedza wokazinga kapena mbuliwuli. Chisoti cha pepala cholembedwa dzina la mwana chimamupangitsa kudzimva kuti amadziwika. Zitumbuwa, chigumu, thobwa ndi mango, amene amapsa nyengo yomweyi, zimakwanira bwino popanda kugula mabisiketi. Masewera nawo ndi aulere: fulaye, phada, jingo, mpikisano wa m'matumba, ndi sewero la abusa a ku Betelehemu, m'mene ndodo, zitenje ndi nyenyezi ya mapesi ija zimakwanira kukhala zovala ndi zipangizo zonse.

Zoyenera kusamala

Chikondi chiyende ndi nzeru. Ana osakwana zaka 3 amaika chilichonse mkamwa, motero tisawapatse zinthu zokhala ndi njere, mabatani kapena mikanda imene ingawatsamwe; maso a chidole chawo asokedwe ndi ulusi. Nsonga za waya zipindidwe ndi kukulungidwa, ndipo m'mphepete mwa zitini mukhulidwe. Botolo kapena chigubu chimene mudali mankhwala a mbewu, a fodya kapena a thonje chisasanduke choseweretsa ngakhale chitatsukidwa kangati. Mipeni, malezala ndi moto zikhale m'manja mwa akuluakulu. Makandulo ndi koloboyi zikhale kutali ndi maunyolo a mapepala, makamaka m'nyumba zofolera ndi udzu. Ndipo tisagwetse mtengo wathunthu chifukwa cha tsiku limodzi. Nthambi imodzi yoimikidwa m'chitini cha mchenga ndi yokwanira.

Tiyambe msanga

Ntchito zonsezi sizifuna ndalama zambiri, koma zimafuna nthawi, ndipo tikudziwa kuti Disembala ndi mwezi wa khasu. N'chifukwa chake tikupempha kuti mpingo uliwonse upatule masana a Loweruka anayi Khirisimasi isanafike, anthu ataweruka kumunda. Loweruka loyamba likhale losonkhanitsa zipangizo ndi kuumba za dongo, popeza zimachedwa kuuma. Lachiwiri likhale la kusoka ndi kupinda waya. Lachitatu likhale la zidole za makoko ndi zoimbira. Lachinayi likhale la maunyolo, nyenyezi ndi kukulunga mphatso. Mutu umodzi susenza denga: agogo odziwa kuluka, achinyamata a manja achangu ndi ana omwe, aliyense apatsidwe gawo lake. Chogula chingakhale ulusi, singano ndi misomali yochepa basi. Zimene tiphunzire pamenepa zidzatithandizanso pa Pasaka, pa Tsiku la Ana la 1 Juni, ndiponso pokumbukira tsiku lobadwa la mwana m'banja.

Ena adzati mwana wa masiku ano sangakondwere ndi chidole cha makoko pamene mnzake ali ndi cha m'sitolo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma kawirikawiri manyazi amayambira mwa ife makolo, ndipo ana amangotengera. Tikapereka mphatso tikupepesa, mwana amaiona yonyozeka. Tikaipereka ndi nkhope yowala, makamaka ngati iye mwini adathandiza kuipanga, amathamanga nayo kukaonetsa anzake. Tikumbukire kuti pamene Yosefe ndi Mariya adapita ndi Mwana ku Kachisi, nsembe yawo idali ya mbalame ziwiri, imene chilamulo pa Levitiko 12:8 chidaikira anthu osakwanitsa kupeza nkhosa. Banja limene timalikumbukira pa Khirisimasi lidapereka monga mwa kupeza kwake, ndipo silidachite manyazi.

Abale ndi alongo, chaka chino chimanga chikhale m'nkhokwe, ndalama ya feteleza ipite kumunda, ndipo manja athu agwire ntchito. Tikadzafika mu Febuluwale ana akudya, chikwama chansalu chili paphewa ndipo wa katapila sakugogoda pachitseko, tidzadziwa kuti Khirisimasi tidaidya mwanzeru. Ambuye adalitse ntchito za manja anu ndi mabanja anu onse, kufikira tidzakumanenso pa tsamba lino.