Moto wa Pansi ndi Moto wa Pamwamba

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri la Bangwe, timisewu ta ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri timakhala titadzaza kale fungo la mandasi, zitumbuwa ndi zigumu. Ana asukulu ndi anthu othamangira ku ntchito ku Makata ndi ku Ginnery Corner ndiwo amapatsa moyo malonda amenewa. Wodutsa m'njira akaona beseni la masikono ofiirira bwino amayesa kuti ntchitoyi ndi yosavuta, ndipo ambiri amene amayamba malonda otere amayamba ndi maganizo omwewo.

Nkhani ya woyamba kumene imafanana paliponse. Mayi wachitsikana amene wangolowa m'banja, ndipo akuchita lendi kachipinda ku Bangwe, amakongola ndalama ku banki mkhonde nagula ufa wa tirigu, shuga, majarini ndi makala. Amakanda ufawo monga momwe anaonera kwa mnzake, nasonkha mbaula mpaka moto kulilima, n'kutereka sefuliya. Pasanapite nthawi, fungo la kupserera limafika kwa oyandikana nawo. Akavundukula amapeza kuti pansi pa masikono pasanduka khala pamene m'kati mukadali phala. Tsiku lachiwiri amachepetsa moto koma amawonjezera soda, poganiza kuti akatero masikono afufuma msanga. Amatuluka achikasu, owawa, onunkha ngati sopo. Pofika tsiku lachitatu mpamba watha, ndipo Loweruka amayi a gulu akudikira kuti ayambe kubweza.

Alipo ena amene amafulumira kunena kuti atsikana a masiku ano ndi aulesi, sadziwa za kukhitchini. Mawu amenewa ndi osalungama. Mayi yemweyu amaphika nsima yosalala ndi ndiwo zokoma, pakuti nsima imalola kukonza pamene ikuphikidwa: ikafewa amathiramo ufa, ikalimba amawazamo madzi, ndipo dzanja limamva lokha pa mthiko. Koma chigumu kapena sikono zilibe chifundo chotere. Zonse zimagamulidwa chivundikiro chisanatsekedwe, ndipo cholakwa chimaoneka pamene nthawi yochikonza yapita. N'chifukwa chake luso limeneli silingaphunziridwe ndi maso okha.

Soda payekha safufumitsa bwino ufa. Amafuna chinthu chowawasa, monga chambiko, madzi a mandimu kapena nthochi zakupsa kwambiri, kuti atulutse mpweya umene umatukumula chigumu. Soda amene wasowa chowawasa chokumana nacho amangotsala m'chakudya, ndipo ndiye mwini kuwawa ndi chikasu chija. Pa makapu 2 a mgaiwa ndi nthochi 4, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza n'kokwanira. Yisiti ya mandasi ili ndi khalidwe lina: iyo ndi yamoyo, imafa ndi madzi otentha, ndipo imafuna madzi ofunda ngati osambitsira khanda. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta Blantyre, ufa umene umafufuma msanga mu October umachedwa kwambiri, ndipo woyamba kumene amaganiza kuti anam'gulitsa yisiti yakufa pamene vuto ndi kuzizira chabe. Mafuta nawo ali ndi malamulo ake. Akatentha kwambiri, mandasi amada kunja m'kati asanapse, chikomekome cha mkuyu. Akazizira, mandasi amamwa mafuta ndipo phindu limathera m'chiwaya.

Koma mphunzitsi wouma mtima koposa ndi moto. Wophikira pa mbaula ayenera kudziwa kuti pali moto wa pansi ndi moto wa pamwamba, ndipo wa pansi uyenera kuchepa. Amayi odziwa amasiya makala owerengeka m'mbaula, ena amayala mchenga pansi pa chiwaya, ndipo makala ambiri amawaika pa chivundikiro. Savundukula pafupipafupi, chifukwa kutero n'kuthawitsa kutentha. Akafuna kudziwa ngati chapsa amabaya pakati ndi mpeni kapena kamtengo. Kakatuluka kouma, ntchito yatha. Zimenezi munthu angaphunzire m'masana amodzi ngati alipo womuonetsa, koma payekha angawononge thumba lathunthu la ufa asanazitulukire.

Ndipotu kuwononga ufa lero si nkhani yaing'ono. Tirigu amene amalimidwa m'mapiri a Neno ndi ku Tsangano ndi wochepa kwambiri, kotero kuti pafupifupi ufa wonse wa buledi ndi masikono umachokera ku tirigu wogulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu February 2022, mtengo wa tirigu ndi mafuta ophikira unakwera pa dziko lonse. Mu May chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi mbaula zamagetsi nawo sanapulumuke, pakuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzima kwa magetsi kunabwezera mabanja ambiri ku makala kwa nthawi yoposa chaka. Sikono imodzi yopserera ku Bangwe imanyamula mtengo wa zonsezi.

Chotero nzeru ndi yakuti woyamba kumene ayambire pa ufa wa kwawo. Chigumu chimangofuna mgaiwa, nthochi, mchere, soda ndi shuga pang'ono. Chikapserera, chotayika n'chochepa, ndipo chikalephera kufufuma banja limadyabe ndi tiyi. Komanso chigumu chimaphunzitsa zonse zofunika: muyeso, soda, ndi moto uwiri uja. Wodziwa chigumu sachedwa kudziwa sikono. N'zoona kuti nthochi zinakwera mtengo kuchokera pamene matenda a chisaka anasakaza minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo n'zoonanso kuti ogula ena amanyoza cha mgaiwa nakonda choyera cha tirigu. Komabe pali mbatata yofiira m'kati, yonga ya Zondeni, imene akatswiri a ku Bvumbwe akhala akulimbikitsa. Mbatata yophika ndi kupota ikasakanizidwa ndi ufa wa tirigu imachepetsa ufa ndi shuga wofunika, imapatsa mandasi maonekedwe okopa, ndiponso imapatsa ana vitamini A.

Funso lalikulu ndi lakuti ndani aphunzitse. Kale mtsikana ankaphunzira pambali pa agogo ake kumudzi, ndipo m'matauni munali alangizi a zapakhomo amene ankasonkhanitsa amayi kuwaphunzitsa kuphika ndi kusoka. Bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1985, linalinso ndi ntchito zotere, ngakhale kuti linali lomangika ku ndale za nthawi imeneyo. Lero mtsikana wa ku Machinjiri ali kutali ndi agogo ake, ndipo mayi wa pamsika amene amadziwa sangaulule chinsinsi chake kwa munthu amene mawa adzakhala naye pambali ndi beseni lofanana. Akulu anati safunsa anadya phula, koma pano wofunsa alipo, woyankha ndiye wasowa.

Mpata umenewu ungatsekedwe popanda kudikira boma. Amayi a Mvano ndi magulu ena a m'mipingo amakumana sabata iliyonse, ndipo pakati pawo sipasowa wodziwa moto wa pa chivundikiro. Sukulu zasekondale zimene zili ndi zipinda zophunzitsira za pakhomo zingathe kuzitsegula Loweruka kwa anthu a m'dera, anyamata omwe, pakuti ambiri oyenda ndi mabeseni a mandasi m'madepoti ndi anyamata. Koma udindo woyamba uli pa magulu a banki mkhonde, chifukwa ndalama zopserera m'sefuliya ndi zawo zomwe. Gulu lisanapereke ngongole ya ufa wa tirigu, lipatse wokongolayo mayi mmodzi wodziwa woti aphike naye kawiri kapena katatu, ndipo pa msonkhano wotsatira abwere ndi chigumu chake kuti onse alawe.